Timudziwe Kapuku, Mbewa Yomwe Imakolola Nafe

Mwa nyama zonse zakutchire zomwe zili m'dziko muno, yomwe imakhala pafupi kwambiri ndi nsima yathu ndi kanyama kolemera ngati dzira limodzi la nkhuku. Kamafukula mbewu tikangodzala, kamalowa m'mikukwe tikamakolola, ndipo kamatitsatira mpaka ku nkhokwe. M'madera ambiri timakatchula kuti kapuku. Akatswiri a sayansi amakatchula kuti Mastomys natalensis.

Ambiri tinakula tikumuona kapuku, koma ndi ochepa mwa ife omwe anganene kuti ali ndi mano angati, chifukwa chomwe amaswanirana mofulumira chotere, kapena kusiyana kwake ndi khoswe wa kudenga. Umbuli umenewu uli ndi mtengo wake. Mlimi amawononga ndalama pa mankhwala osathandiza, tchire limapsa chaka ndi chaka, ndipo mbalame yomwe ikanatithandiza timaigenda. M'phunziro lino tiyankha mafunso atatu: kapuku ali m'banja liti la nyama, thupi lake ndi lotani, nanga amapezeka kuti? Kenako tiona zomwe mayankhowo akutiuza pa nkhani ya minda ndi umoyo wathu.

Mayina a kwathu

Makolo athu anali ndi njira yawoyawo yogawira tinyama timeneti. Mawu akuti mbewa amaimira tinyama tating'ono ta kutchire tomwe anthu amakumba ndi kudya, monga kapuku ndi phanya. Khoswe wa m'nyumba salowa m'gululi ngakhale amafanana nato, chifukwa sadyedwa. Katswiri wa chikhalidwe cha anthu wa ku Britain, Brian Morris, yemwe anakhala ku Malawi zaka zambiri, analemba mayina amenewa ndi momwe anthu amawagwiritsira ntchito m'buku lake lotchedwa The Power of Animals, lomwe linatuluka mu 1998.

Kugawa kotereku kumayang'ana ntchito ya nyamayo kwa munthu: imadyedwa kapena ayi, imakhala kumudzi kapena kutchire. Ndi nzeru yeniyeni, yochokera pa kupenyetsetsa kwa zaka zambiri. Vuto lake ndi lakuti mayina amasintha dera ndi dera, mwakuti mlimi wa ku Mchinji ndi wofufuza wa ku Senegal sangadziwe ngati akunena nyama imodzi. Apa ndi pomwe sayansi imabweretsa dzina limodzi la dziko lonse lapansi.

Makwerero a sayansi

Njira yopatsa chamoyo chilichonse mayina awiri a Chilatini inakhazikitsidwa ndi Carl Linnaeus wa ku Sweden, ndipo pa mayina a nyama akatswiri amayambira kuwerenga pa buku lake la Systema Naturae la mu 1758. Nyama iliyonse imaikidwa pa makwerero, kuyambira pa gulu lalikulu kwambiri kutsikira pa mtundu umodzi. Makwerero a kapuku ali motere.

Ufumu wake ndi Animalia, kutanthauza nyama zonse.

Gawo lake ndi Chordata, momwe muli nyama zonse za fupa la msana, monga nsomba, achule, njoka ndi mbalame.

Kalasi yake ndi Mammalia, nyama zoyamwitsa.

Gulu lake ndi Rodentia, nyama zokukuta ndi mano akutsogolo.

Banja lake ndi Muridae.

Fuko lake ndi Mastomys.

Mtundu wake ndi Mastomys natalensis.

Gulu la Rodentia ndi lalikulu kuposa magulu onse a nyama zoyamwitsa. Lili ndi mitundu yoposa 2,000, moti pa mitundu isanu iliyonse ya nyama zoyamwitsa, pafupifupi iwiri ndi ya m'gululi. Gologolo, tchenzi, mfuko, ngakhale nungu ndi minga yake, onsewa ali mommuno, koma aliyense ali ndi banja lakelake. Kapuku ali m'banja limodzi ndi khoswe komanso phanya. Bwampini, ngakhale amaoneka ngati khoswe wamkulu, ali m'banja lina lotchedwa Nesomyidae.

Maonekedwe amanyenga. Swiswiri, wa kamwa yosongoka uja, sali m'gulu la Rodentia n'komwe. Mano ake ndi osongoka, odyera tizilombo, ndipo sakukuta chimanga. Womupha poganiza kuti akuteteza nkhokwe wapha mlonda wa munda wake yemwe.

Dzina la kapuku lili ndi mbiri. Woyamba kumulemba m'mabuku a sayansi anali Andrew Smith, dokotala wa asilikali wochokera ku Scotland, mu 1834. Nyama yomwe anafotokoza inachokera ku Port Natal, komwe lero ndi mzinda wa Durban ku South Africa, ndipo n'chifukwa chake dzina lachiwiri ndi natalensis. Smith anamutcha Mus natalensis. Mu 1915 Oldfield Thomas, yemwe ankagwira ntchito ku nyumba yosungiramo zachilengedwe ku London, anabweretsa dzina lakuti Mastomys, kuchokera ku mawu awiri a Chigiriki: mastos, kutanthauza bere, ndi mys, kutanthauza mbewa. Ndiye kuti dzinali limangonena kuti mbewa ya mawere. Mukapeza m'laibulale mabuku akale olemba kuti Rattus natalensis kapena Praomys natalensis, dziwani kuti akunena kapuku yemweyu, pa nthawi yomwe akatswiri ankamuika m'mafuko ena.

Ife omwe tikukonzekera uphunzitsi tikumbukire lamulo la kalembedwe, chifukwa ana amataya nalo malikisi pa mayeso: dzina loyamba limayamba ndi chilembo chachikulu, lachiwiri ndi chaching'ono, ndipo polemba pamanja mayina onse awiri timawadula mzere kunsi.

Mapasa osiyana m'kati

Fuko la Mastomys lili ndi mitundu pafupifupi isanu ndi itatu, ndipo ina imafanana kwambiri moti ngakhale katswiri sangaisiyanitse ndi maso. Kwa zaka zambiri anthu ankaganiza kuti kum'mwera kwa Africa kuli mtundu umodzi wokha wofala. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, ofufuza a ku Zimbabwe ndi ku South Africa anawerenga makromozomu a mbewazi, timaulusi ta m'kati mwa selo tomwe timasunga malangizo a chibadwa. Munthu ali nato 46. Iwo anapeza kuti mbewa zina zili nato 32 pomwe zina zili nato 36. Za 32 zija ndi Mastomys natalensis, ndipo za 36 ndi mtundu wina, Mastomys coucha. Mtundu wachitatu, Mastomys erythroleucus, wofala kumadzulo kwa Africa, uli nato 38.

Wina angafunse kuti zimenezi zili ndi phindu lanji ngati mbewazo zimadya chimanga mofanana. Phindu lake linaoneka pa matenda. Zinadziwika kuti Mastomys coucha amadwala ndi kufa msanga ndi mliri wa makoswe, pomwe Mastomys natalensis amapirira. Zinadziwikanso kuti ku South Africa mitundu iwiriyi imakonda malo osiyana: coucha kumtunda kouma, natalensis kumadera a mvula yambiri chakum'mawa. Ngakhale mbewa zina zomwe zinkawetedwa m'nyumba zofufuzira ku Ulaya ndi dzina la natalensis zinapezeka kuti ndi coucha. Dzina lolakwika limasocheretsa kafukufuku yense womangidwa pa dzinalo.

Thupi la kapuku

Kapuku wamkulu amalemera pakati pa magalamu 20 ndi 80. Kuchokera ku mphuno kufika pa tsinde la mchira amatalika masentimita 10 mpaka 14, ndipo mchira umatalika pafupifupi chimodzimodzi kapena kucheperako pang'ono. Ubweya wake ndi wofewa, wotuwa mosakanikirana ndi kofiirira kumsana. Kumimba amaoneka woyererako, koma mukauzira ubweyawo mudzaona kuti ndi nsonga zokha zoyera, m'munsi mwake ndi motuwa. Mchira uli ndi timamba tozungulira ngati mphete ndi tiubweya tapatalipatali. Mapazi akutsogolo ali ndi zala zinayi ndi kachala kakang'ono kosakula, pomwe akumbuyo ali ndi zala zisanu.

Khoswe wa kudenga, Rattus rattus, timamusiyanitsa mosavuta. Iye ndi wamkulu, nthawi zambiri amaposa magalamu 100, mchira wake ndi wautali kuposa thupi, ndipo ndi katswiri wokwera mitengo ya denga. Komanso ndi mlendo: kwawo ndi ku Asia, anafika kuno ndi zombo za amalonda. Kapuku ndiye mwini dziko.

Chida chachikulu cha kapuku ndi mano. Ali nawo 16, theka la mano a munthu wamkulu. Kutsogolo kuli anayi, awiri kumwamba ndi awiri kumunsi. Kumbuyo kuli 12 otafunira, atatu mbali iliyonse ya nsagwada. Mano osongoka ong'ambira nyama, onga a galu, alibe, ndipo pamalo pake pali mpata waukulu. Mpatawu umamulola kukokera milomo m'kati, kuseri kwa mano akutsogolo, kuti azikukuta thumba kapena thabwa popanda kumeza zinyalala.

Mano anayi akutsogolowo amakula moyo wake wonse. Kumaso kwake kuli chikuto cholimba kwambiri cha mtundu wachikasu, pomwe kumbuyo kwake ndi kofewerapo. Akamakukuta, kumbuyo kumaperepeseka msanga kuposa kumaso, ndiye dzino limadzinola lokha n'kukhala lakuthwa ngati tchizulo cha kalipentala. Ichi ndi chifukwa chake thumba la saka, dengu, ngakhale chidebe cha pulasitiki wopyapyala sizimuletsa. Chomuletsa ndi chitsulo, galasi ndi simenti. Mano otafunira akumwamba ali ndi mizere itatu ya timitumbira, ndipo kaonekedwe ka timitumbirato ndi komwe akatswiri amayang'ana pozindikira mtundu wa mbewa akapeza chigaza chokha.

Kapuku amayenda usiku. Maso ake amaona mu mdima, koma amadalira kwambiri fungo, makutu ndi ndevu zake zazitali zomwe zimamuuza kukula kwa mpata asanalowemo. Sasankha chakudya: njere za udzu, chimanga, mpunga, mapira, mtedza, masamba anthete, chiswe ndi tizilombo tina, zonse amadya. Chinthu china chofunika kudziwa ndi chakuti mbewa ndi makoswe satha kusanza. Pa chifukwa chimenechi amachenjera ndi chakudya chachilendo: amalawa pang'ono, ndipo akamva kudwala sabwereranso. Mlimi akathira mankhwala opha msanga, usiku woyamba zimafa zingapo, koma zopulumuka zimakhala zaphunzira. Iye amaganiza kuti anamugulitsa mankhwala achinyengo, chonsecho ndi thupi la mbewa lomwe lamugonjetsa.

Tsopano tifike pa chomwe chinamupatsa dzina. Khoswe wamkazi nthawi zambiri amakhala ndi mawere 10. Kapuku wamkazi amakhala nawo pakati pa 16 ndi 24, ondandalikana m'mizere iwiri kuchokera pachifuwa mpaka m'mphechepeche. Mukatembenuza mbewa yaikazi yoyamwitsa n'kuona mizere iwiri yodzaza chotere, simufunikanso buku kuti mudziwe fuko lake.

Masamu a kuswana

Mawere ochulukawo ali ndi ntchito. Kapuku amatenga bere masiku pafupifupi 23 ndipo amaswa ana 10 mpaka 12 nthawi imodzi, mwina kufika 20. Anawo amabadwa osaona, amasiya kuyamwa pakatha milungu itatu, ndipo mayi amatha kutenganso bere atangoswa kumene. Chakudya chikakhalapo chokwanira amaswa pafupifupi mwezi uliwonse, ndipo ana aakazi amayamba kuswa ali ndi miyezi iwiri kapena itatu.

Tiyeni tichite samu yongoyerekeza. Mayi mmodzi aswe katatu, ana 10 ulendo uliwonse. Amenewo ndi ana 30. Titenge kuti theka ndi aakazi, ndiye 15. Aliyense mwa 15 amenewa akaswa kamodzi kokha nyengo isanathe, tawonjezera ana 150. Kuchokera kwa mayi mmodzi tapeza mbewa 180. Kutchire sizifika pamenepa chifukwa zambiri zimadyedwa ndi adani kapena kufa ndi njala, ndipo kapuku kawirikawiri satha chaka ali moyo. Koma samuyi ikutionetsa chinthu chimodzi: chomwe chimasintha chiwerengero kwambiri ndi chakuti kodi ana oyamba apeza nthawi yoswa nawonso nyengo yomweyo kapena ayi. Nyengo yoswana ikatalika ndi miyezi iwiri yokha, mibadwo imasanjikizana.

Kuno kwathu mvula imagwa kuyambira Novembala mpaka Epulo. Akapuku amaswana kwambiri chakumapeto kwa dzinja ndi nthawi ya masika, pomwe njere zili mbwee, ndipo chiwerengero chimafika pachimake miyezi yozizira, titatha kukolola. N'chifukwa chake anyamata ogulitsa mbewa pa timitengo amachuluka m'mbali mwa msewu wa M1 pakati pa Lilongwe ndi Blantyre nthawi imeneyi. Chilimwe chikakula chakudya chimatha ndipo zambiri zimafa. Zotsalazo ndi zomwe zimadikira mbewu yathu mvula yoyamba ikagwa.

Komwe amapezeka

Palibe mbewa ina yachibadwidwe cha mu Africa yomwe yafalikira ngati kapuku. Amapezeka pafupifupi paliponse kum'mwera kwa chipululu cha Sahara, kuchokera ku Senegal kumadzulo mpaka ku Ethiopia kum'mawa, n'kutsika kudzera ku Kenya, Tanzania, Malawi, Zambia, Mozambique ndi Zimbabwe mpaka kum'mawa kwa South Africa. Bungwe la IUCN, lomwe limalemba mndandanda wa zamoyo zomwe zili pa chiopsezo, linamuika m'gulu la zomwe sizikudetsa nkhawa kuti zingathe.

Malo omwe amawapewa ndi awiri: zipululu zouma kwambiri monga Namib, ndi m'kati mwa nkhalango zowirira monga za ku Congo. Komabe nkhalango ikangodulidwa n'kukhala munda, kapuku amafika. Amakonda tchire la udzu, m'mbali mwa madambo, masala, minda ndi midzi. Amakumba una wake, koma sakana kulowa mu una wosiyidwa ndi nyama ina, m'ming'alu ya nthaka, m'chulu kapena pansi pa mulu wa mapesi. Akulu anati mbewa zikachuluka siziika masa, ndipo kwa kapuku mawuwa ndi oona ndithu: pogona paliponse pamukwanira.

Tinganene kuti kapuku amatsatira khasu. Paliponse pomwe munthu wasokoneza chilengedwe, iye amakhala m'gulu loyamba kufika. Ofufuza a kum'mwera kwa Africa anaona kuti tchire likapsa, kapuku ndi mmodzi mwa oyamba kubwerera, ndipo amalamulira malowo mpaka udzu utakula n'kulola mitundu ina ya mbewa kubwerera. Kumadzulo kwa Africa amakhala kwambiri m'nyumba za m'midzi. Kum'mawa ndi kum'mwera, khoswe wa ku Asia uja anamulanda malo ambiri a m'nyumba, moti kapuku amapezeka kwambiri kumunda, n'kumalowa m'mudzi chakudya chikasowa kunja.

Ngakhale ndi mtundu umodzi, akapuku a mu Africa yense si ofanana ndendende. Kafukufuku wa DNA yemwe anasindikizidwa mu 2013 anawagawa m'mizere isanu ndi umodzi ya chibadwa, uliwonse ndi chigawo chake cha kontinentiyi. Kugawikana kumeneku kumatithandiza kumvetsa nkhani ya matenda.

Kapuku ndi matenda

Mu 1969, m'tauni ya Lassa kumpoto chakum'mawa kwa Nigeria, munadziwika matenda oopsa a malungo otaya magazi omwe anatenga dzina la tauniyo. Patapita zaka zochepa, ofufuza ku Sierra Leone anapeza kuti kachilombo koyambitsa matendawa kamakhala mu mbewa za fuko la Mastomys. Mbewayo siidwala, koma imataya kachilomboko mu mkodzo ndi ndowe zake, ndipo munthu amakatenga kudzera m'chakudya kapena ziwiya zodetsedwa, ngakhalenso pogwira mbewayo. Matendawa ndi okhazikika ku Nigeria, Sierra Leone, Liberia ndi Guinea.

Nanga popeza kapuku tili naye, bwanji matenda a Lassa si a kuno? Yankho lili m'mizere ya chibadwa ija. Kachilombo ka Lassa kamapezeka mwa akapuku a kumadzulo kwa Africa. A kuchigawo chathu amanyamula achibale ake ena: ka Mopeia, komwe kanapezeka mu 1977 ndipo kanatenga dzina la boma la Mopeia ku Zambezia m'dziko la Mozambique, ka Morogoro ku Tanzania, ndi ka Luna ku Zambia. Palibe matenda a anthu omwe alumikizidwa ndi tizilombo titatu timeneti. Choncho kudziwa komwe mzere uliwonse umapezeka kumatichotsera mantha opanda pake.

Chomwe chili pakhomo pathu ndi mliri wa makoswe, womwe umafala ndi utitiri. Chifukwa kapuku amayenda pakati pa tchire ndi mudzi, amatha kunyamula utitiri kuchokera ku mbewa zakutchire kukafika kwa makoswe a m'nyumba ndi kwa anthu. Matendawa anabukapo m'boma la Nsanje mu 1997 ndi mu 2002. Chizindikiro chochenjeza ndi mbewa kapena makoswe kufa okha ambirimbiri popanda mankhwala. Zikatero tisazigwire ndi manja, chifukwa utitiri umachoka pa mtembo kufuna magazi ena, ndipo tidziwitse a zaumoyo msanga. Mkodzo wa mbewa umathanso kufalitsa matenda a leptospirosis kudzera m'madzi ndi m'matope.

Kapuku ndi munda

Kafukufuku wotalika kwambiri wa kapuku wachitikira ku Morogoro m'dziko la Tanzania, komwe akatswiri a ku Sokoine University of Agriculture pamodzi ndi anzawo a ku University of Antwerp ya ku Belgium akhala akugwira, kulemba chizindikiro ndi kumasula mbewazi mwezi ndi mwezi kuyambira m'zaka za m'ma 1990. Ku Tanzania akuti makoswe ndi mbewa zimawononga magawo 5 mpaka 15 pa 100 aliwonse a chimanga m'chaka wamba. M'zaka za mliri wa mbewa chiwerengero chafikapo poposa 1,000 pa hekitala imodzi, ndipo alimi amakakamizika kudzala kachiwiri.

Chomwe anapeza ndi chakuti mliri wa mbewa suchitika mwangozi. Dera la Morogoro limalandira mvula kawiri pa chaka. Mvula yoyamba, ya chakumapeto kwa chaka, ikagwa yambiri, udzu wanthete umamera msanga, mbewa zimayamba kuswana nthawi isanakwane, ndipo mibadwo imasanjikizana monga tinaonera m'samu ija. Kuno mvula ndi ya nyengo imodzi, koma phunziro ndi lomwelo: mvula ndi msipu ndiye wotchi ya kapuku, ndipo nthawi yabwino yolimbana naye ndi pomwe ali ochepa, tisanadzale, osati titaona kale mapando opanda mbewu.

Ambiri mwa owerenga magazini ino sitidya mbewa, potsatira Levitiko chaputala 11 chomwe chimaitchula pakati pa nyama zodetsedwa. Koma kusadya mbewa sikutichotsa m'nkhaniyi. Chimanga cha tonsefe chimamera m'minda yoyandikana, ndipo moto womwe wayatsidwa ndi osaka mbewa susankha munda. Motowu umapha timitengo tanthete, umapsereza zinyalala zomwe zikanasanduka chonde, nthawi zina umafika pa nyumba. Komanso, monga taonera, malo opsa amakomera kapuku yemweyo kuposa mitundu ina. Tikamalankhula ndi abale athu za moto, mfundo imeneyi imamveka kwa aliyense, wodya mbewa ndi wosadya yemwe.

Zomwe thupi ndi khalidwe la kapuku zikutiphunzitsa ndi izi. Poti mano ake sagonja ndi saka, chimanga chisungidwe m'nkhokwe zachitsulo kapena m'migolo yotseka bwino, ndipo nkhokwe ya nsungwi ikwezedwe ndi kuvekedwa malata osalala m'miyendo yake. Poti amabisala m'zinyalala ndi mu udzu, tipalire minda ndi malire ake, ndipo tilambule kuzungulira nyumba. Poti munda wa mmodzi ukachotsedwa mbewa za m'munda wa mnzake zimalowamo, misampha itcheredwe ndi mudzi wonse sabata imodzi. Poti amachenjera ndi nyambo, tisadalire mankhwala okha. Makamaka tipewe mankhwala ogulitsidwa m'timapepala topanda dzina m'misika, monga tameki, omwe amapha agalu, amphaka, nkhuku, ngakhale ana.

Pomaliza tilankhule za kadzidzi. Ambiri tinaleredwa ndi mantha akuti akalira padenga ndiye kuti kukubwera maliro, ndipo timamugenda kapena kuphwasula chisa chake. Chonsecho chomwe wabwerera padengapo ndi mbewa. Kadzidzi woyera kumaso uja, Tyto alba, amasaka usiku nthawi yomwe kapuku amayenda, ndipo m'madera a minda kapuku ndi gawo lalikulu la chakudya chake. Njoka, likongwe ndi vumbwe nawonso amathandiza. Tikathira mankhwala, mbewa yofooka imagwidwa ndi kadzidzi, kadzidziyo n'kufa. Kapuku amabwezeretsa chiwerengero chake m'miyezi yochepa, pomwe kadzidzi amatenga nthawi yaitali. Ndiye kuti mudzi womwe wapha akadzidzi ake wadzikonzera okha chaka cha mbewa zambiri.

Mafunso ndi ntchito

1. Lembani makwerero asanu ndi awiri a kapuku, ndipo fotokozani tanthauzo la mawu awiri a m'dzina lake la sayansi.

2. Perekani njira zitatu zosiyanitsira kapuku ndi khoswe wa kudenga.

3. N'chifukwa chiyani mano akutsogolo a kapuku sabuntha?

4. Bwerezani samu ya kuswana, koma mayi aswe kanayi m'malo mwa katatu. Kusiyana kwake kukutiuza chiyani za chaka chomwe mvula yayamba msanga?

5. Funsani agogo kapena munthu wina wachikulire kwanu mayina onse a mbewa omwe akuwadziwa ndi momwe amazisiyanitsira. Yerekezani mndandanda wanu ndi wa mnzanu wochokera m'boma lina.

6. Kwa omwe akupita kukaphunzitsa moyeserera: pansi pa malo ogona kadzidzi pamapezeka timibulu ta ubweya ndi mafupa tomwe iye amalavula akatha kudya. Valani magolovesi, viikani kambulu kamodzi m'madzi, kaphwasuleni ndi kamtengo, ndipo ana awerenge okha mano a m'nsagwada zomwe apeze. Mukamaliza, aliyense asambe m'manja ndi sopo.